Subwoofer ya M'galimoto Ikafa: Chafa N'chiyani, Chaipha N'chiyani?

Pafupifupi aliyense amene amafika kwa mmisiri atanyamula subwoofer ya m'galimoto amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, yangosiya yokha." Mmisiri wodziwa ntchito yake sayankha msanga. Amaigoneka chagada pa benchi, n'kuyala zala mozungulira pakati pake, n'kukankha pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Kenaka amawerama n'kununkhiza. Pofika apo amakhala atadziwa kale kuti sinasiye yokha. Woofer sifa popanda choipha, ndipo bala lake limaulula zomwe zinachitika. Funso loti "kodi ikonzeka?" ndi theka chabe la nkhani, ndipo yankho lake nthawi zambiri ndi inde. Theka linalo, limene eni magalimoto sakonda kulimva, ndi loti chinaipha n'chiyani, chifukwa kawirikawiri chimakhala chidakali m'galimoto momwemo, chikudikira kuti yokonzedwayo ibwerere.

Kapangidwe ka sipika yomwe tili nayo lero kanakhazikika mu 1925, pomwe akatswiri awiri a kampani ya General Electric ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg, anafalitsa zotsatira za ntchito yawo. Kuchokera nthawi imeneyo zipangizo zasintha, koma nzeru yake ndi yomweyo. Kumbuyo kuli maginito olemera, omatidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Zitsulozo zimasiya kampata kozungulira, kopapatiza zedi, ndipo m'kampatamo mumakhala koyilo: waya wa kopa wokutidwa ndi vanishi, wokulungidwa mondondozana pa kachubu ka aluminiyamu kapena ka pulasitiki yopirira moto yotchedwa Kapton. Magetsi ochokera ku amplifaya akamadutsa mu wayayo, uku akusinthasintha kolowera, koyilo imakankhidwira kutsogolo n'kukokedwanso m'mbuyo. Kachubu kaja n'komatidwa ku koni, chipepala chachikulu chija timachiona chikuvina kutsogolo, ndipo koniyo ndiyo imakankha mpweya. Pali zinthu ziwiri zogwira zonsezi kuti zisapatuke: mkombero wa labala kapena wa siponji womwe uli m'mphepete mwa koni, ndi nsalu yachikasu yamakwinya yomwe ili pansi pake, imene amisiri amati spider. Ntchito yawo ndi imodzi, kulola koyilo kuyenda kutsogolo ndi m'mbuyo popanda kukhudza khoma la kampata kaja.

Subwoofer imasiyana ndi masipika a m'zitseko chifukwa cha kulemera kwa ntchito yake. Iyo imanyamula mawu otsikitsitsa, ogwedezeka maulendo kuyambira 20 mpaka cha m'ma 100 pa sekondi, ndipo mawu oterewa amafuna mpweya wambiri. Kwenikweni ndi mpope, ngati wopopera njinga uja, kungoti ukupopa maulendo makumi angapo pa sekondi iliyonse. Ikakhala m'bokosi lotsekeka, mawu akatsika ndi theka, tinene kuchoka pa 60 kufika pa 30, koni iyenera kuyenda mtunda wochulukitsidwa kanayi kuti phokoso likhale lofanana. Chinanso chomwe ambiri amadabwa akamva n'choti pa mphamvu yonse ya magetsi yolowa mu woofer, yomwe imasanduka mawu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100, mwinanso kucheperapo. Yotsalayo imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumathera mu koyilo. Choncho woofer imafa njira ziwiri: kupsa chifukwa chotentha, kapena kung'ambika chifukwa choyenda mopyola malire. Zina zonse, monga madzi, dzimbiri, makoswe ndi katundu wa m'buti, zimangofulumizitsa imfa ziwirizi.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, tsimikizani kuti vuto lilidi mu woofer. Zambiri zonyamulidwa kupita kwa amisiri zimakhala zamoyo. Fyuzi ya pafupi ndi batire yapsa, kapena waya wopita ku thupi la galimoto wamangidwa pa penti ndi dzimbiri, kapena kawaya kobiriwira ngati thambo koyatsira amplifaya kathothoka kuseri kwa wailesi. Amplifaya yambiri ili ndi kanyali kosonyeza kuti yadzitseka podziteteza. Kanyaliko kakayaka, chotsani mawaya a sipika n'kuyatsanso, ndipo ngati kakuyakabe, wodwala ndi amplifaya. Phokoso lophwephwetera nalonso lisakupusitseni. Nambala puleti yosamangitsa kapena chitseko cha buti zimalira mofanana kwambiri ndi koni yong'ambika.

Woofer ikatulutsidwa m'bokosi, kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani batire ya tochi ya 1.5 volts n'kugunditsa mawaya ake pa timapini ta sipika: yamoyo imati "phu" koni n'kusuntha. Kenaka ikani mita pa ohms. Woofer yolembedwa 4 ohms imawerenga mocheperapo, cha m'ma 3.2 mpaka 3.8, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Mita ikapanda kuwerenga kalikonse, njira ya magetsi yaduka penapake. Ikawerenga motsika kwambiri, kuyandikira ziro, vanishi wapsa ndipo mawaya a koyilo agundana. Yokhala ndi makoyilo awiri iyezedwe mbali zonse, chifukwa imodzi itha kufa inzake ikulirabe monyinyirika. Chomaliza ndi chija cha zala. Kankhani koni mofanana mbali zonse. Ikayenda mwakachetechete, mkati muli mtendere. Ikamakwecha, koyilo ikukhuza khoma. Ikakana kusuntha n'komwe, nkhani yakula.

Mita yosawerenga siyitanthauza kuti koyilo yapsa, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalipira ndalama zosayenera kulipira. Pakati pa timapini ndi koni pali timawaya tiwiri tolukidwa, tofewa, tomwe timapindika ulendo uliwonse koni ikasuntha. Timatopa n'kuduka, makamaka pamalo powotcherera kapena polowera mu koni, nthawi zina mkati osaonekera kunja. Woofer yotere imalira n'kusiya, kulira n'kusiya. Gwedezani kawaya kalikonse ndi chala maso ali pa mita; manambala akamabwera n'kuthawa, mwapeza bala. Kukonza kwake ndi kwa mphindi zochepa, koma pafunika waya wa mtundu womwewo. Waya wamba wa magetsi ndi wouma, amathyoka pasanathe nthawi. Utali wake ukhale wolola koni kufika malire ake popanda kukoka, koma usatalike mpaka kumamenya koni. Powotcherera musachulutse mtovu, chifukwa umakwera m'zolukazo n'kuziumitsa, wayayo n'kudzadukira pomwe mtovu wathera. Kachivindikiro ka pakati pa koni kakamatuka, nakonso kamachita phokoso loopsa, pomwe kamangofuna kukanda guluu wakale n'kumatanso.

Mkombero ndi umene umafa imfa ya ukalamba. Wa siponji umawola chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, ndipo pakatha zaka khumi kapena kuposerapo umayamba kuyoyoka ukangokhudzidwa. Magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito omwe amachokera ku Japan, n'kutsikira pa madoko a Dar es Salaam kapena Beira, amafika kuno ali ndi zaka zotere kale, kenaka n'kukumana ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja. Nkhani yabwino ndi yoti ngati mwini wake wasiya kuiliza atangoona ming'alu, koyilo imakhala ili bwinobwino. Akapitiriza, koni imapendekeka, koyilo n'kuyamba kukhuza, ndipo ntchito yaing'ono imasanduka yaikulu. Posintha mkombero, chotenga nthawi si kumata koma kukanda. Zotsalira zonse za siponji ndi guluu wakale ziyenera kuchoka pa chitsulo ndi m'mphepete mwa koni mpaka poyera. Mkombero watsopano ukhale wa muyeso weniweni wa koniyo, chifukwa mawoofer awiri olembedwa mainchi 12 atha kusiyana m'mphepete, ndipo ukhale wa mtundu womwe unalipo. Ena amadula chubu cha tayala n'kumatapo. Ndimamvetsa chifukwa chake, zipangizo n'zosowa, koma chubu chilibe kupindika kuja kolola koni kuyenda, choncho besi imauma ndipo mphamvu yonse imatsikira pa spider. Kang'ambidwe kakang'ono pa mkombero wa labala kamatheka ndi kansalu kopyapyala komatidwa kunsi ndi guluu wosauma gwa. Supa guluu ayi. Amauma n'kukhala wophwanyika, ndipo labala amadzang'ambikira m'mphepete mwa pomwe mwamata.

Koni yoboka nthawi zambiri ndi ntchito ya jeke, khasu kapena thumba la katundu lomwe linatsetsereka pa bampu. Ya pepala imamatika bwino ndi guluu woyera wa matabwa ndi kachigamba kopepuka mbali zonse ziwiri. Ya pulasitiki ndi yovuta, guluu wambiri sagwirapo. Chigamba chikhale chopepuka ndithu, chifukwa kulemera kwa mbali imodzi kumapendeketsa koni ikamathamanga. Mukatha, ikani sefa yachitsulo kutsogolo, buti ya kwathu kuno sikhala yopanda katundu.

Tsopano tifike pa koyilo, pomwe pagona ntchito yeniyeni. Kuti aifike, mmisiri amadula mkombero ndi spider mozungulira, n'kuchotsa timawaya tija, n'kuzula koni yonse pamodzi ndi koyilo yake. Ndimalimbikitsa mwini woofer aliyense kuti aimirire pomwepo n'kuona chomwe chatuluka, chifukwa ndi pokhapo pomwe choonadi chimaonekera. Koyilo yabwino imawala mtundu wa kopa, mizere yake ili yogundizana mwaudongo. Yakuda bii kuyambira pamwamba mpaka pansi, vanishi atatuwa matuza, mawaya ena atamasuka n'kulendewera, inaphikidwa kwa nthawi yaitali ndi mphamvu yopyola muyeso. Ina imakhala yowala bwino koma kunsi kwa kachubu kake kutaphwatalala, kutapindikira kunja: imeneyo sinapse, inkamenya chitsulo cha kumbuyo chifukwa choyenda mopyola malire, ndipo mwini wake ankamva "kho, kho" pa nyimbo zina koma osalabadira. Yopalika mbali imodzi yokha inali yopendekeka, kaya chifukwa cha mkombero, spider yomatuka, kapena tizitsulo tomwe tinalowa m'kampata. Yobiriwira, m'kampata muli dzimbiri, inamwa madzi, ndipo labala wa chitseko cha buti ayenera kuonedwa mvula isanabwerenso. Mabala anayiwa akuloza zifukwa zinayi zosiyana, ndipo wokonza amene wataya koyilo yakale m'bini osaiyang'ana wataya umboni wonse.

Njira zobwezeretsera zilipo ziwiri. Makampani ena a ku America, monga Sundown Audio ndi DD Audio, amagulitsa zamkati zonse zatsopano, koyilo, spider, koni ndi mkombero, zopangidwira woofer yakutiyakuti, kotero kuti chotsala chakale ndi maginito ndi chitsulo chokha. Woofer yokonzedwa choncho imabwerera mwakale ndithu. Koma mawoofer ambiri omwe ali m'maminibasi ndi m'magalimoto athu alibe zoterezi, ndipo ngakhale zikanakhalapo, kuitanitsa kunja kukanadya ndalama zoposa mtengo wa woofer. Chomwe chimachitika ku Ndirande, ku Limbe, mumsika wa Lilongwe kapena ku Mzuzu ndi kukulunga koyilo ina ndi manja, kapena kuikamo koyilo yogula ya muyeso woyandikira. Ntchito imeneyi ndimailemekeza. Yapulumutsa masipika osawerengeka a m'matchalitchi, m'mabawa ndi a zimbale za pa ukwati. Koma imasiyana kwambiri malinga ndi dzanja loigwira.

Wokulunga wosamala amamasula koyilo yakale akuwerenga mizere. Amaona kuti inali yosanjikizana kawiri kapena kanayi, amayeza kunenepa kwa waya, amayezanso kutalika kwa malo omwe wayayo anakuta pa kachubu. Zonsezi zili ndi zotsatira zake. Waya wowonda kuposa wakale amakweza ohms ndipo amapsa msanga. Wonenepa kwambiri amakhuza khoma akangotentha n'kufufuma pang'ono. Mizere ikachepa, ohms imatsika, amplifaya n'kuyamba kutentha kapena kudzitseka. Koyilo ikafupika, imatuluka msanga m'dera la mphamvu ya maginito, besi n'kumveka yosweka ngakhale voliyumu isanakwere. Ndiye pali nkhani ya guluu, yomwe ndi imene imagwetsa ntchito zambiri zooneka bwino. Ku fakitale koyilo imamatidwa ndi mankhwala ophikidwa, opirira kutentha kwa madigiri 200 kapena kuposa. Epoxy wouma m'mphindi zisanu wa m'mashopu amayamba kufewa kutentha kusanafike n'komwe pa madigiri 100. Woofer yomatidwa ndi ameneyu imalira bwino pa benchi, mwini wake n'kulipira mokondwa, koma pa ulendo woyamba wautali mawaya amamasuka. Funsani mmisiri guluu amene akugwiritsa ntchito. Wodziwa sakwiya ndi funso limeneli.

Ngakhale ntchito itagwiridwa mwaluso, tivomereze kuti woofer yokulungidwa ndi manja siikhala ndendende monga inalili. Kulemera kwa koni ndi koyilo, kufewa kwa spider ndi mkombero, ndi mphamvu ya maginito pa wayayo, ndi zimene zimalamula kukula kwa bokosi loyenera woofer iliyonse. Ubale umenewu anaufotokoza mwa masamu ndi Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, ndipo Richard Small anaukulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970; mpaka lero opanga mawoofer amalemba manambala otchedwa ndi mayina a anthu awiriwa. Mukasintha spider n'kuika youma, kapena koyilo yolemera, manambalawo asuntha. M'bokosi lotsekeka kusiyanako khutu limakukhululukira. M'bokosi la bowo kumamveka.

Pobwezeretsa, chinthu choyamba ndi kuyeretsa kampata. Maginito amakoka kachitsulo kalikonse, ndipo zinyenyeswa za vanishi wopsa zimatsalira pansi. Mmisiri amapinda tepi ya pepala pa kakhadi kopyapyala, mbali yomata ili kunja, n'kuilowetsa m'kampatamo, kuzungulira, kuitulutsa ili yakuda, kuika ina, mpaka itatuluka yoyera. Amaunikamo ndi tochi. Akakhutira amatseka kampatako ndi tepi kufikira nthawi yake, ndipo sandipepala kapena chopalira zitsulo siziyandikiranso benchiyo. Kenaka amalowetsa koyilo, n'kutsekera timizere ta pulasitiki yopyapyala pakati pa kachubu ndi chitsulo cha pakati, motalikirana mofanana kuzungulira konse. Ambiri amadula mafilimu akale a X-ray. Timizereti timagwira koyilo pakati penipeni ndiponso pa msinkhu woyenera, kuti waya wotuluka pamwamba pa kampata afanane ndi wotsala pansi. Zikatero amamata spider ku chitsulo, khosi la koni ku kachubu, mkombero m'mphepete, n'kuisiya tsiku lathunthu. Mawa lake amasolola timizere tija, n'kukankha koni ndi zala. Kukakhala zii, amawotcherera timawaya n'kumata kachivindikiro komalizira. Amene akukuuzani kuti "dikirani pompo, bwana, muitenga pakatha ola" akudumpha tsiku limenelo, ndipo tsikulo silidumphika.

Pali bala limodzi lomwe sindilangiza munthu kulimbana nalo. Maginito ndi zitsulo zake n'zongomata ndi guluu m'mawoofer ambiri. Woofer ikagwa, kapena bokosi losamangirira likamadumpha m'maenje a mumsewu, kapena dzimbiri likadya pomatira, chitsulo cha pakati chimatsetsereka n'kupana koyilo. Ndi ija imakana kusuntha. Kuibwezeretsa pakati kumafuna zida zogwirira, chifukwa maginito amakoka mwamphamvu yotha kuphwanya chala, ndipo akang'aluka kapena chitsulo chogwira zonse chikapindika, basi, yatha. Kupatula pamenepa, muyeso wanga ndi wosavuta. Woofer yolemera bwino, ya kampani yodziwika, maginito ake ali bwino, ndi yoyenera kukonza ngakhale zamkati zonse zitatha, chifukwa mbali yodula ndi yomwe yatsalayo. Yopepuka yopanda dzina, yolembedwa manambala akuluakulu, ikonzedwe ngati vuto ndi kawaya kapena mkombero. Koyilo yake ikapsa, ndalama yokonzera ndi bwino kuisunga n'kuonjezera.

Manambala akuluakuluwo ndiwo chiyambi cha imfa zambiri. Pa woofer pamalembedwa mphamvu ziwiri. Ya Pioneer ya mainchi 12 yotchedwa TS-W311D4, mwachitsanzo, imalembedwa 1400 watts ngati malire a kanthawi kochepa, koma mphamvu yomwe ingapirire mosalekeza ndi 400 watts, ndipo kampaniyo imalemba zonse ziwiri poyera. Nambala yogwira ntchito ndi yaing'onoyo, imene imatchedwa RMS. Pa amplifaya napo m'pomwemo, ndipo pali njira yachidule yodziwira zoona: yang'anani fyuzi yake. Injini ikamayenda, magetsi a galimoto amakhala cha m'ma 14.4 volts. Amplifaya ya fyuzi ya 30 amps singakoke zoposa 30 kuchulukitsa ndi 14.4, zomwe ndi 432 watts, ndipo gawo lina la zimenezi limathera m'kutentha kwa amplifayayo. Kaya pachivindikiro palembedwa 3000, masamuwo sasintha.

Mwina mungaganize kuti amplifaya yaing'ono ndiye yotetezeka. Ikamalizidwa mwa muyeso wake, inde. Koma munthu amene anagula 3000 amafuna kumva 3000, ndiye amapotokola kabatani kolembedwa gain mpaka kumapeto. Kabatani kameneka si voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa mphamvu yochokera ku wailesi ndi amplifaya. Kakapyola, amplifaya imafika pamalire ake n'kuyamba kudula nsonga za mafunde a mawu. Funde lodulidwa kotheratu limanyamula mphamvu yofika kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi loyera la msinkhu womwewo, pomwe koni sikuyenda mowonjezera kuti ipemerere koyilo mpweya. Pa masipika a m'zitseko kusweka kwa mawu kotere kumamveka msanga, koma woofer ili m'buti, kuseri kwa mipando, ndipo khutu silizindikira mpaka fungo litafika kutsogolo. Kabatani ka bass boost n'koopsa koposa: kuwonjezera 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, 6 dB kanayi, ndipo 18 dB yomwe imapezeka pa maamplifaya ena imafuna mphamvu yoposa maulendo 60. Onjezani apo nyimbo za masiku ano. Amapiano ya ku South Africa, yomwe yadzaza m'maminibasi athu, ili ndi besi yolemera yobwerezabwereza yosapatsa koyilo mpata wopuma, ndipo zambiri zomwe anthu amatumizirana pa foni zinakwezedwa kale besi mpaka kusweka zisanafike n'komwe pa wailesi.

Kalumikizidwe nakonso kamapha. Makoyilo awiri a 4 ohms akalumikizidwa mbali ndi mbali amapanga 2 ohms. Akalumikizidwa motsatizana amapanga 8. Amplifaya iliyonse ili ndi malire a ohms omwe ingapirire, ndipo zambiri za njira ziwiri zikaphatikizidwa kukhala njira imodzi zimafuna 4 ohms, osatsikirapo. Amplifaya yopanikizidwa ikafa, nthawi zina imatulutsa magetsi osasinthasintha, okankha koni mbali imodzi n'kuigwira pomwepo, ndipo koyilo imapsa m'kanthawi kochepa. Musalumikize woofer yokonzedwa ku amplifaya yomwe inalipo pa imfa ya yoyamba musanayeze potulukira pake: popanda nyimbo, mita yoikidwa pa DC iwerenge pafupifupi ziro. Mawaya owonda ochokera ku batire, kapena batire yotopa, zimagwetsa magetsi pa kugunda kulikonse, amplifaya n'kufika pamalire ake msanga. Nyali zakutsogolo zikamaphethira motsatira ng'oma, galimoto ikukuuzani zimenezo.

Koyilo yophwatalala kunsi ija imaloza ku bokosi. M'bokosi lotsekeka, mpweya wa mkati umathandiza kugwira koni. Likamatuluka mpweya m'makona kapena pozungulira woofer, chithandizocho chimachepa. Bokosi la bowo limamangidwa kuti ligwirizane ndi mawu a msinkhu winawake, ndipo pansi pa msinkhu umenewo silitha kugwira koni n'komwe, imangopupuma ngati ilibe bokosi. N'chifukwa chake maamplifaya ambiri a subwoofer ali ndi kabatani kolembedwa subsonic, koyenera kuikidwa pang'ono pansi pa msinkhu wa bokosilo. Kalipentala atha kupanga bokosi lokongola, lokutidwa kapeti mwaudongo, koma ngati kukula kwake ndi utali wa bowo anangoyerekeza poona malo a m'buti, woofer ili pangozi. Muyeso wa bokosi umalembedwa m'kabuku ka woofer, ndipo thabwa lake likhale lochindikala, la mamilimita 18, lomatidwa ndi guluu m'makona onse.

Kutchera gain moyenera kumafuna mita yomweyo ndi masamu pang'ono. Chotsani mawaya a woofer, zimitsani bass boost ndi zokometsera zonse za pa wailesi, ikani voliyumu pa magawo atatu mwa anayi, ndipo lizani kulira koyera kwa 50 Hz komwe kamapezeka mosavuta pa intaneti. Tengani RMS yocheperapo pakati pa ya woofer ndi ya amplifaya, chulukitsani ndi ohms, n'kupeza square root yake. Pa 400 watts ndi 2 ohms mupeza 800, ndipo square root yake ndi 28.3. Injini ikuyenda, mita ili pa AC potulukira amplifaya, kwezani gain kuchokera pansi mpaka mita iwerenge 28.3 volts, kapena mocheperapo pang'ono ngati koyilo ndi yokulungidwa ndi manja. Kuyambira pamenepo voliyumu ya wailesi isapyole pomwe munaika poyeza. Masiku oyambirira muilize motsitsa, spider yatsopano ifewe ndipo guluu akhwime.

Chenjezo lomwe woofer imapereka isanapse ndi loti besi imafooka. Kopa akatentha amakaniza magetsi, pafupifupi 0.4 pa 100 pa digiri iliyonse, kotero koyilo yomwe yatentha ndi madigiri 100 imakhala itakwera ohms ndi pafupifupi 40 pa 100, ndipo imakoka mphamvu yochepa ku amplifaya. Dalaivala amene wachoka ku Blantyre masana a dzuwa nyimbo zili pamwamba, pofika ku Balaka amamva ngati besi yachepa, dzanja n'kupita pa voliyumu. Nthawi imeneyo ndi yotsitsa kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kuti kutentha kutuluke mu koyilo kulowe m'zitsulo za maginito, ndipo akaima, aike dzanja pa kachivindikiro ka pakati pa koni: kakakhala kotentha, gain itsike ulendo usanapitirire.